Tidayenda Pansi ku Lilongwe wa Mabwana

Ife a ku mapiri a Dedza timati timamudziŵa Lilongwe, koma kunena zoona timamudziŵa mbali imodzi yokha. Tikakwera minibasi pa boma, timayenda makilomita oposa 80, kudutsa pa Linthipe, pa Nathenje ndi pa Nanjiri, nkukatsikira pa depoti. Pamenepo timagulitsa mbatata yathu ya kachewere, timagula feteleza kapena malata, mwina timakazonda matenda ku chipatala chachikulu, kenaka timathamangira galimoto yobwerera dzuŵa lisanaloŵe. Lilongwe winayo, wa misewu yamithunzi ndi mipanda italiitali, ambirife timangomumva pa wailesi, chonsecho ana athu ambiri ndiko amagwira ntchito.

Tsiku lina Loŵeruka, m'nyengo yachisanu, tidapangana anthu angapo kuti tikamuone Lilongwe ameneyu ndi maso athu. Tidagwirizananso kuti tikayenda pansi, chifukwa kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu wa pagalimoto amaona nyumba zokhazokha, pamene wapansi amamva m'miyendo kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa nyumbazo. Madzulo a tsikulo tidazindikira kuti mbiri yaikulu ya mzinda uno ili pa mtunda umenewo.

Tidayambira pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi msika. Mbiri imati boma lidayamba pano m'chaka cha 1902, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo pofika 1904 pano padali poyendetsera dera lonse lozungulira. Chaka cha 1902 ndi chomwecho chimene ansembe a chipani cha White Fathers adafika ku Mua. Choncho mzinda waukulu wonsewu ndi mnzake wa Mua wobadwa naye chaka chimodzi. Udakula ndi fodya. Cha m'ma 1920, Mzungu wina dzina lake A. F. Barron adatsekula minda ku Mbabzi nayamba kugula fodya kwa alimi a m'midzi, ndipo posachedwa ogula ena, amasitolo ndi amalole adatsata fungo la ndalama. M'chaka cha 1947 Lilongwe adalembedwa kuti ndi tauni.

Tauni imeneyo mtsinje udaigaŵa paŵiri, koma anthu ake adagaŵidwa patatu. Kuvuma kwa mtsinje kudali masitolo a Amwenye ndi msika. Kuseri kwa masitolowo kudali anthu akuda, ku Mchesi, ku Biwi ndi ku Kawale. Kuzambwe, pa mtunda popita mphepo, padali maofesi a boma ndi nyumba za Azungu, dera limene lero timati Area 3. Ife tidawoloka mlatho kulunjika kumeneko, monga ankachitira makhukhi ndi amesenjala a nthaŵi ya atsamunda m'maŵa uliwonse.

Mu Area 3 phokoso la pamsika limatha msanga. Nyumba zakale zikadalipo zina: zazifupi, zamakhonde aakulu, zokhala pakati pa bwalo loti kwathu banja lingalimepo chimanga chodya miyezi ingapo. Mitengo imene adabzala eni ake oyamba idakula mpaka nthambi kukumana pamwamba pa msewu. Bwalo la gofu lili pomwepo, kapinga wake wosamalidwa ngati mwana. Koma chimene chidatiimitsa nthaŵi yaitali ndi timanyumba ta kumapeto kwa mabwalo, tija timati boyizikota. Kamodzikamodzi kali ndi chipinda chimodzi kapena ziŵiri, ndipo kaŵirikaŵiri sikaoneka kwa munthu woima kumaso kwa nyumba yaikulu. M'timanyumba totere ndimo ankagona agogo athu amene ankaphika, kuchapa ndi kuthirira maluŵa. Munthu wakuda ankaloŵa m'dera lino ndi ntchito basi, ndipo ntchito ikatha, malo ogona nawonso ankathera pomwepo. Atsamunda adapita m'chaka cha 1964, koma kamangidwe kameneka kadatsala, ndipo tidakapezanso m'nyumba zambiri zimene zidamangidwa dziko litalandira kale ufulu.

Amwenye aja nawo ali ndi mbiri yokhudza kwathu. Akuluakulu amakumbukira masitolo awo pa Dedza ndi m'malo ena a malonda m'midzi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda lidaŵalamula kuti achoke m'midzi, azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo pofika 1978 ambiri anali atasamuka. Ena mwa iwo ndiwo adadzamanga nyumba zikuluzikulu m'Lilongwe muno. Chuma chimene kale chinkagona pa makhonde a masitolo a kwathu chidasonkhana pamalo amodzi.

Kuchoka mu Area 3 tidatsata msewu wa Kenyatta kupita ku City Centre. Ulendo umenewu pagalimoto ndi wa mphindi zoŵerengeka, koma ife udatidyera pafupifupi ola lathunthu. Chapakati pake pali nkhalango yosungidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, m'mene mukadali mitengo yachilengedwe ndi anyani. Mitengo yambiri ya m'mbali mwa msewu idadulidwa m'chaka cha 1021 kuwonjezapo 1000, ndiye kuti 2021, pamene ankaukuza msewuwo, motero mthunzi udali wosoŵa. Mmodzi wa ife, mayi wachikulire amene amakwera phiri la kwawo ndi mtolo wa nkhuni pamutu osapumira, adafunsa kuti, "Kodi amene adaika boma kutali chonchi ndi msika ankaganiza kuti anthu aziuluka?" Funso limeneli lili ndi yankho lake m'mbiri.

Dr Hastings Kamuzu Banda adamangidwa pa 3 March 1959, nakhala m'ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia mpaka pa 1 April 1960. Pambuyo pake ankakonda kusimba pa misonkhano kuti m'ndendemo adalota zinthu zitatu: kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, kumanga yunivesite, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Zifukwa zosamutsira likulu zidali zomveka. Zomba adapanikizika m'tsinde mwa phiri, ndipo chuma chonse cha dziko chinkaunjikana kumwera, pamene chigaŵo chapakati ndi chakumpoto zinkatsalira. Adani ake ankanong'ona kuti akungokokera boma kufupi ndi kwawo ku Kasungu. Angerezi, amene nthaŵi imeneyo ankathandiza boma lathu ngakhale pa ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, adakana kulipira, nati dziko losauka chotere lili ndi zosoŵa zina zofunika msanga.

Dr Banda adatembenukira kumwera. M'chaka cha 1967 Malaŵi adamanga ubale ndi boma la Azungu la South Africa, pa nthaŵi imene maiko ena a anthu akuda ankalisala chifukwa cha tsankho lake. M'chaka cha 1968 boma limenelo lidabwereketsa Malaŵi ndalama zokwana 8 miliyoni rand zoyambira ntchito, ndipo chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation loti limange mzinda. Akatswiri amene adajambula pulani yake yoyamba adachokeranso ku South Africa. Nduna yaikulu ya dzikolo, John Vorster, idadzacheza kuno mu 1970, ndipo Dr Banda adakabweza ulendowo mu 1971. Likulu lidasamukira ku Lilongwe mwalamulo m'chaka cha 1975.

Dziko la South Africa ife tinkalidziŵa kale mwa njira ina. M'midzi ya kwathu ndi mabanja oŵerengeka amene alibe agogo kapena amalume amene adapita ku Joni ndi Wenela, nakaloŵa pansi pa nthaka kukumba golide. Ena adabwerako ndi njinga, wailesi ndi bokosi la zovala, ena adabwerako ndi chifuwa chimene chidaŵatenga, ena adatchona. Mu April 1974, miyezi yoŵerengeka likulu lisanasamuke, ndege yobweretsa anthu a kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalaŵi oposa 70 adafera pomwepo. Dr Banda adaimitsa Wenela kwa zaka zingapo chifukwa cha ngoziyo. Tikamayang'ana maofesi a ku Capital Hill, nkovuta kuiŵala kuti chuma cha dziko limene lidatikongoza ndalama zomangira chinkatuluka m'migodi m'mene munali thukuta la makolo athu. Iwo adalandira malipiro ochepa, ndipo ife adzukulu awo tidalandira ngongole.

Komabe tisaname, a ku Dedza tidapindula nako kusamuka kwa likulu. Munthu amene kale akadayenda ulendo wautali kukafika ku Zomba pa nkhani ya penshoni kapena ya sukulu, lero amapita m'maŵa nkubwerako madzulo. M'kalembera wa 1966 Lilongwe adali ndi anthu osakwana 20,000. Mu 1977 anali atayandikira 100,000. Ndipo mu 2018 adapezeka pafupifupi 990,000. Anthu onseŵa amadya, ndipo kachewere, kabichi, nyemba ndi mapichesi a ku mapiri kwathu adapeza msika umene makolo athu sadaulotepo. Matabwa a paini a ku Dedza ndi ku Chongoni nawo adapeza ogula. Amene amati mzindawu sudathandize munthu wamba sadaimepo pa msewu wa M1 mbandakucha nkuŵerenga malole opita kumpoto.

Chimene tikudandaula nacho ndi kagonedwe ka mzindawo. Ojambula pulani adafuna mzinda wotakasuka, wa madera otalikirana, nkhalango ndi madambo zili pakatipakati, misewu ikuluikulu nkumalumikiza zonse. Pa pepala zidaoneka bwino, ndipo kwa munthu wagalimoto nzabwinodi. Koma maderawo adaŵagaŵa potsata malipiro. Akuluakulu a boma ndi akazembe adapatsidwa Area 10, Area 12 ndi Area 43, pafupi ndi maofesi. Makalaliki ndi anzawo apakati adaikidwa ku Area 18. Anthu wamba adapimiridwa mapuloti oti adzimangire okha kutali, monga ku Area 25, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Potero amene ali ndi galimoto ndiye adakhala pafupi ndi ntchito, ndipo amene alibe ngakhale njinga ndiye adakhala kutali. Lamulo losankha khungu padalibe, koma munthu amene adaonapo Johannesburg kapena Salisbury sakadasokera nako kagonedwe kameneka. Pamalo onseŵa padali midzi ya Acheŵa, minda yawo ndi manda awo. Midziyo idasamutsidwa, ndipo m'malo mwa maina a mafumu padabwera manambala, amenenso satsatana: munthu akhoza kuima mu Area 10 nkumafunsa Area 9, osadziŵa kuti ili kutsidya lina la mzinda.

Ku City Centre tidafika dzuŵa lili pamutu. Popeza lidali Loŵeruka, malowo adali zii, ngati mudzi umene anthu onse apita kumaliro. Nyumba imene imakopa maso ndi ya Reserve Bank, yoning'a kunsi nkumatambalala pokwera, ngati dengu loikidwa pa chulu. Likulu la bankiyi lidasamukira kuno kuchoka ku Blantyre mu 1981, pamene bwanamkubwa wake adali John Tembo, mwana wa ku Dedza, amene adakhala pa mpandowo kuyambira 1971, chaka chimene kwacha idayamba, mpaka 1984. Ena mwa ife adakumbukira ndalama zamapepala zokhala ndi siginecha yake. Chapafupi pali Kang'ombe House ndi maofesi ena ataliatali. Pansi pa mitengo tidaona mafuwa ndi phulusa. Masiku a ntchito pamenepo pamakhala amayi ophika nsima yogulitsa kwa makalaliki ndi amesenjala, pakuti ojambula mzinda sadaŵakonzere malo odyera olingana ndi thumba lawo.

Mu msewu wa Presidential Way zinthu zotchuka zandandalikana, ndipo tidazidutsa mofulumirako. Nyumba ya Malamulo idamangidwa ndi dziko la China, nitsekulidwa mu 2010. Aphungu adatsalira ku Zomba zaka pafupifupi 20 likulu litasamuka kale. Nyumba ya misonkhano ya Bingu ndi hotela yake nazonso adamanga ndi a ku China. Idayenera kulandira msonkhano wa atsogoleri a maiko a mu Africa mu July 2012, koma msonkhanowo udakachitikira ku Addis Ababa, boma la Mai Joyce Banda litakana kulandira Omar al-Bashir wa ku Sudan. Pakati pa ziŵirizi pali chiliza cha Dr Banda, amene adamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. Chilizacho chidatsekulidwa mu May 2006, ndipo pa nsanamira zake padalembedwa ngodya zinai zimene tinkaloŵeza ku sukulu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tidavula zipewa monga mwa mwambo wa pamanda. Mmodzi wa ife adayamikira munthu amene adalota mzinda pa thengo nkuumangadi. Wina adatchula nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene adaphedwa ku Mwanza mu May 1983, ndi mbale wake amene adakhala m'ndende zaka zambiri popanda mlandu. Sitidatsutsane, pakuti onse aŵiri ankanena zoona.

Capital Hill tidangomuonera kunja kwa mpanda. Ndi maofesi aatali chopingasa, ofanana ngati ana a mimba imodzi, omwazikana pa chitunda pakati pa mitengo. Sadamangidwe modzionetsera, ndipo ena mwa ife adaŵakonda kuposa nyumba zamagalasi zamakono. Apa ndi pamene padagwa ndalama zoyamba za ngongole ija.

Kuseri kwake ndiko kuli Area 10. Misewu yake njokhotakhota, yamithunzi, yopanda chinyalala. Pa zipata zina pali mbendera za maiko akunja. Koma nyumba zenizenizo sitidazione zambiri. Tidaona mipanda ya njerwa yopitirira msinkhu wa munthu, waya wamagetsi pamwamba, nsonga za madenga, ndi maluŵa ogwera kunja. Mnzathu wina amene adagwirako ntchito ya ukhukhi m'zaka za m'ma 1980 adatiuza kuti masiku amenewo nyumba zambiri zidali ndi mipanda ya maluŵa yokha, moti wodutsa ankaona bwana akumwa tiyi pakhonde, ndipo njerwa zidayamba kukwera pambuyo pake, umbava utachuluka. Adafuna kutilozera nyumba imene adaphikamo zaka 6, koma adalephera kuizindikira. Tidayenda nthaŵi yaitali osaona mpopi, benchi kapena mwala woti munthu nkukhalapo. Kwathu mlendo akadutsa pabwalo amalonjeredwa, napatsidwa mpando ndi chikho cha madzi asanafunsidwe kumene akupita. Kuno adatilonjera ndi agalu.

Ludzu litakula, tidalimba mtima nkugogoda pa geti ina. Kazenera kachitsulo kadatsekuka, ndipo mlonda wa imvi adatiyang'ana mokayika.

"Zikomo bambo, pepani takusokonezani. Ndife alendo, tikupempha madzi akumwa."

"Alendo ochokera kuti, oyenda pansi kuno?"

"Ku Dedza, bambo."

Nkhope yawo idasintha pomwepo. "Dedza yake iti? Inetu kwathu nkwa Kamenyagwaza." Adatuluka ndi chigubu chawochawo ndi kapu imodzi, natipempha kuti tiime chapambali, poti eni nyumba sakonda anthu ounjikana pa geti. Adafunsa za chisanu cha chaka chino, za mtengo wa feteleza, ndiponso ngati mapichesi a ku Bembeke adabereka. Adatiuza kuti akhala akulonda m'dera limeneli zaka zoposa 20, pa nyumba zosiyanasiyana, ndipo kuti mwa nyumba zonsezo palibe ndi imodzi yomwe imene adaloŵapo pabalaza. Sadanene modandaula, adangotchula monga munthu atchula za mvula. Malipiro awo amathera lendi ndi ufa, koma ana aŵiri adaŵaphunzitsa mpaka Fomu 4, ndipo kumudzi adakhomako nyumba yamalata imene akuti adzapumiramo. Tidaŵafunsa kumene amagona. Adaloza ndi mlomo chakuvuma, nati, "Ku Kauma. Mukafuna galimoto yotsika mtengo, pitani komweko."

Tidatsata malangizo awo, kutsika kudzera mu Area 12. Kutsogolo kwake, kumapeto kwa Presidential Way, kuli nyumba yachifumu ija ya zipinda pafupifupi 300, imene idamangidwa zaka zambiri, koma mwiniwake Dr Banda adangogonamo masiku oŵerengeka. Bakili Muluzi adakana kukhalamo naipereka kwa aphungu, mpaka Bingu wa Mutharika adaitenganso mu 2004. Kumeneko woyenda pansi safikako, ndipo ife tidapatuka. Pamene tala adathera, padayamba njira yafumbi yopondedwa ndi mapazi ambiri. Kauma, monga Mtandire ndi Mgona, adakula popanda pulani ya boma, chifukwa alonda, amayi ochapa ndi anyamata osamala maluŵa sakadatha kuyenda tsiku ndi tsiku kuchokera ku mapuloti akutali aja. Adadzipezera okha pogona poyandikira mipanda imene amaitumikira.

Nthaŵi inali itapitirira 4 koloko, ndipo m'njiramo tinkapatukirana ndi alonda a usiku akukwera, aliyense ndi jekete pamkono ndi kachitini ka nsima m'jumbo, pamene amayi a ntchito za m'nyumba ankatsika. Pa msika wa Kauma padali phokoso la mawailesi, ana, njinga za kabaza ndi utsi wa mbaula. Tidakhala pa benchi la mnyamata wokazinga tchipisi, miyendo ili thapsa. Tidamufunsa kumene amaoda mbatata yake, ndipo iye, osatembenuka nkomwe pa chiwaya, adati ya sabata imeneyo idachokera ku Bembeke.